Mali a Kuseri kwa Katani

Mawu oyamba amene ndinaphunzira nditafika ku Livingstone anali akuti mali. Sindinachite kuwafunafuna, anandipeza okha pamsika. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera kwathu ku Katete, makina anga osokera akadali okulungidwa m'bulangete, ndipo mayi wina wachitonga wogulitsa tomato ananditambasulira dzanja n'kunena mawuwo kawiri, akusisitiza zala zake. Ngakhale wogontha akanamva. Mali ndi ndalama. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti Chitonga ndachigwira pakhosi.

Patapita miyezi, mawu omwewo anandichititsa manyazi. Kutchalitchi kwathu ku Libuyu timapemphera mosinthasintha zilankhulo, ndipo Lamulungu limenelo mgonero ankatsogolera mkulu wampingo wachilozi. Atakweza chikho m'mwamba, pakati pa mawu ambirimbiri osamveka ndinatolapo amodzi odziwika. Mali. Ndinagunda ndi chigongono mayi amene ndinakhala naye pafupi n'kumunong'oneza kuti, "Ngakhale pagome la Ambuye akufuna chopereka?" Tsoka ilo, mayiyo anali Mlozi. Ananditsina pantchafu kutsina kwa mkwiyo weniweni, ndipo titatuluka anandikokera pansi pa mtengo.

"Imwe ba telala, muzatichititsa nsoni," anatero. "Ku Chilozi mali ni ndalama, inde, koma futi ni magazi. Ba Tonga beve magazi bakamba ati bulowa. Manje Mtonga akamvera mali, dzanja liyenda che mu thumba."

Nkhaniyi ndinaiseka zaka zambiri. Ndinkaifotokoza pamaukwati, ngakhale pamaliro anthu akatopa ndi kulira.

Nyumba imene ndinkachita lendi inali ya mdadada, zitseko zonse zoyang'ana bwalo limodzi, mpopi umodzi pakati, ndi mtengo wa mango umene unkayambanitsa ana chaka ndi chaka. Ine ndinkasokera pakhonde, ndipo pakhonde la telala nkhani siidutsa osaima. Pakhomo loyandikana ndi langa pankakhala mnyamata wa ku Kalomo woyendetsa takisi, imodzi mwa zabuluu zija zimadzaza mumsewu wa Mosi-oa-Tunya. Galimotoyo sinali yake, koma ankaipukuta m'mawa uliwonse ngati ng'ombe ya atate ake. Anali munthu wabwino mtima koma wopupuluma, wa mtundu uja woyankha funso usanalimalize.

Mkazi wake anali mtsikana wa ku Senanga, wamtali, wofatsa, amene anabwera m'tauni kudzagulitsa nsomba zouma n'kutsalira konkuno. Chinyanja chake chinali chobwereka, chongokwanira kupatsira moni ndi kugulira makala. Mwamunayo nayenso Chilozi ankadziwa cha m'takisi basi: mwadzuka bwanji, mukupita kuti, ndi mtengo wake. Banja linkayenda bwino chomwecho, poti anthu ongokwatirana kumene safuna mawu ambiri.

Atatenga pakati ankabwera kudzakhala pamphasa pafupi ndi makina anga. Ankanditchula kuti bo-ma, ndiko kuti amayi m'chilankhulo chakwawo, ndipo ine amene sindinabereke mwana wamkazi zinkandikoma. Anandibweretsera zitenje zatsopano zodzapita nazo kuchipatala kuti ndizipinde m'mphepete. Ine ndikupinda, pakamwa panga sipankapuma. Wapita kusikelo? Mapiritsi owonjezera magazi aja ukumwa kapena ukudyetsa nkhuku? Mapazi atupawa wawaonetsa anesi? Ankaseka atagwira pakamwa n'kumati, "Bo-ma, imwe muvuta kupambana ba nesi." Ndimavutadi pankhani imeneyi, ndipo sindipepesa.

Kwathu mayi akabereka timati wachira. Ndi mawu okoma, koma ananditengera mkulu wanga. Ndinali kamtsikana pamene iye anachira m'mudzi, m'mawa, mwana wamwamuna wonenepa bwino. Nthungululu zinalira, anthu anabalalika kupita kuminda, poti munthu wachira. Koma magazi sanaleke. Azimayi aakulu ankati ndi zoipa zikutuluka, zisiyeni zithe kuti m'mimba muyere. Pamene anaona kuti milomo yake yatuwa, ng'ombe zokoka ngolo zinali kubusa, ndipo zinatenga nthawi kuti azipeze. Anatsirizikira m'ngolo dzuwa litapendeka, asanafike ngakhale pamsewu waukulu. Mwana uja lero ndi bambo wa ndevu zake, koma ine ndikaona mayi woyembekezera mtima umandithamanga mpaka pano.

Mtsikana wa ku Senanga anachita zonse mwadongosolo. Matenda atayamba mwamuna wake anamutengera kukiliniki pa takisi ija, akuliza hutala ngati wanyamula mkwatibwi. Anachira bwino, mwana wamkazi. Powatulutsa anesi anawauza tsiku lodzabweranso, ndi kuti akaona magazi ochuluka, thupi kutentha kapena mutu kuwawa kwambiri, asadikire tsikulo. Mtsikanayo anavomera ndi mutu monga ankachitira pa chilichonse.

Kunyumba anapeza atafika kale apongozi ake, amayi a mwamunayo, ochokera ku Kalomo ndi nkhuku zomanga miyendo ndi chigubu cha chibwantu, thobwa lakwawo. Anali mayi wamfupi, wamanja olimba, amene ana ake onse anaberekera m'nyumba ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. Iwo ndi amene anapachika katani pakati pa chipinda n'kuika lamulo. Mpaka mchombo wa mwana utagwa, mayi ndi khanda satuluka, mwamuna sadutsa katani, ndipo akunja salowa. Sindinatsutse, chifukwa kwathunso timachita zomwezo, timati chikuta. Ine mwanayo anangondionetsa kamodzi ndili chiimire pakhomo.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti kuseri kwa kataniyo atsekeramo anthu awiri osamvana chilankhulo. Apongoziwo Chitonga ndicho chinali chawo, Chinyanja chongotola. Mtsikanayo ankawaopa monga mwa ulemu wa kwawo. Sankawayang'ana m'maso, ankawomba m'manja polandira ngakhale supuni, ndipo nsalu zake za uchembere sakanalola kuti apongozi azione.

Tsiku limene zinachitika linali la m'nyengo yotentha ija mvula isanagwe, pamene malata a ku Libuyu amachita kulira okha ndi dzuwa. Mchombo unali usanagwe. Ndinkasoka yunifolomu ya mwana wasukulu pamene mnyamata wa takisi anabwera kudzamwa tiyi. Ndinamuona ataima m'kati mwa chitseko, khutu atalozetsa ku katani. Kenako anatuluka nkhope itakwinyika, makiyi ali m'manja.

"Bwanji ba neba, mwana wauka bwanji?" ndinamufunsa.

"Mwana ali che bwino, ba telala. Ni amake. Kuchokera kuseni ni ndalama, ndalama. Ati zasila. Nanga ine nili na banki? Lekani niyende nikasakile, kuli bazungu bafuna kuyenda ku mathithi."

Analiza galimoto, fumbi koboo, wapita. Ndinaseka ndekha poganiza kuti mnyamata wayamba kudziwa mtengo wa khanda.

Posakhalitsa apongozi anatuluka ndi ndowa kubwera pampopi, akung'ung'udza mokweza kuti bwalo lonse limve.

"Bana ba masiku ano! Munthu wabala che, ayamba kulilila ndalama. Ise tenze kubala na kuyenda kumunda." Kenako anachepetsa mawu momuyeseza mpongozi wawo. "Mali a zwa, mali a zwa. Kuchokera kuseni nyimbo ni imozi."

Phazi langa linaima pa chopondera cha makina.

"Mwati akunena kuti chiyani?"

"Mali a zwa. Ndalama zachoka. Manje zichoka ziyenda kuti, munthu ali gone?"

Mawu akuti zwa, kwa Mtonga ndi kwa Mlozi yemwe, ndi kutuluka. M'khutu la Mtonga chiganizocho chinali chathunthu, chopanda chokayikitsa: ndalama zatuluka. Koma ine ndinamva kutsina kuja kwa m'tchalitchi pantchafu panga. Mtsikanayo sankanena za ndalama. Kuyambira m'mawa ankanena kuti magazi akutuluka, ndipo galimoto yokhayo ya pabwalo pathu inali itangochoka kumene.

Ndinathamanga wopanda nsapato. Apongozi anataya ndowa n'kunditsatira akukuwa kuti n'zoletsedwa, kuti mwana ndimulowetsera mphepo zakunja. Ndinakankha katani.

M'katimo munali mdima ndi fungo limene ndinalidziwa nthawi yomweyo, ngakhale ndinalimva komaliza ndili mwana. Zenera anali atalitseka ndi nsalu. Mtsikanayo anagona choyang'ana kukhoma, atafunda bulangete m'kutentha konseko, akunjenjemera. Khanda linali m'tulo pambali pake.

"Bo-ma," anatero, mawu ake ochepa ngati a mwana. "Mali."

Ndinavundukula bulangete. Sindifotokoza zonse zimene ndinaona. Chitenje chimene anagonera ndinachizindikira ndi msoko wanga wa m'mphepete, chifukwa maluwa ake sankaonekanso. Zina anali atazikankhira kunsi kwa matiresi kuti apongozi asazione. Ndinatembenuza dzanja lake, chikhatho chili mbuu.

Patapita nthawi, atachira zenizeni, ndinamufunsa chifukwa chake sananene kuti magazi, poti mawuwo ankawadziwa. Anati anawafunafuna m'mutu koma sanawapeze. Mphamvu zitayamba kutha, Chinyanja chonse chinamuthawa, n'kutsala chilankhulo cha amayi ake chokha. Apongozi ankachita nawo manyazi, ndiye anadikira mwamuna wake kuti amuuze kudzera pa katani.

Apongoziwo anafika kumbuyo kwanga, anasuzumira, n'kupukusa mutu.

"Ni doti che ichoka. Isiyeni isile, mumala muyere."

Mawu omwe aja. Ndinawakalipira m'Chichewa chakumudzi chimene sakanamva n'limodzi lomwe, ndikunena kuti mawu amenewo anandiikira mkulu wanga m'manda ndipo sandiikiranso wina ine ndili maso. Nditaona kuti kukuwa sikuthandiza, ndinagwira dzanja lawo mwamphamvu n'kuliika paphazi la mtsikanayo. Linali lozizira, lonyowa ndi thukuta, dzuwa likuswa mtengo panja. Mayi aja anayang'ana chitenje, anayang'ana nkhope ya mpongozi wawo, mwina koyamba kuiyang'anitsitsa.

"Bulowa," ananong'ona. "Maawe, bulowa!"

Kuyambira pamenepo anandiposa liwiro. Anatola khanda, kuliponya kumsana, kumanga, n'kutuluka nalo panja, chikuta chawo chomwe chija atachiiwala.

Ndinaimbira mwamunayo. Foni inalira mpaka kudula yokha, poti akanyamula alendo ankaitseka mawu kuti aoneke waulemu. Ndinaimba kukiliniki. Nesi amene anayankha sanataye nthawi. Anati ambulansi yapita kukatenga mayi wina, tisaidikire, tipeze galimoto iliyonse tilunjike kuchipatala chachikulu. Anati ndizimusisita mwamphamvu pamimba m'munsi mwa mchombo osaleka, miyendo ikhale m'mwamba, ndipo khanda liyamwe, chifukwa kuyamwa kumathandiza chiberekero kukungika.

Galimoto iliyonse, pabwalo pamene abambo onse ali kuntchito! Nditatuluka kukaitana azimayi anzanga ndinaona apongozi ataima pakati pa msewu, khanda kumsana, manja atatambasula. Chimene chinatulukira pakona sichinali takisi kapena kalole ka makala. Chinali chigalimoto chachitali chopanda mazenera, cha mipando yokwererana ngati masitepe, chija amanyamulira alendo okaona njovu. Dalaivala wake ankakhala ku Libuyu komweko ndipo ankapita kukadya.

"Mayo, chokani pa njira!" anakuwa. "Iyi ni ya kampani. Bazanichosa nchito!"

Apongozi sanakangane naye. Anangokhala pansi pafumbi, kutsogolo kwa tayala, miyendo atawongola. Dalaivala anatsika atakwiya, koma nthawi yomweyo azimayi anali akutuluka m'nyumba atanyamula mtsikanayo m'bulangete. Anayang'ana kamodzi kokha. Anavula chipewa, kutsitsa kamakwerero kachitsulo, n'kuyala pampando malaya amvula amene amafunditsa alendo ake.

"Mukwezeni bwino bwino," anatero. "Abwana nizakamba nabo ine."

Sindinaganizepo kuti ndidzakwera galimoto imeneyo m'moyo wanga, ndipo sindinaone kalikonse ka zimene alendo amaona. Tinamugoneka pampando wapakati, miyendo yake ili paphewa la mayi wina, ine nditagwada pansi ndikusisita ndi nkhonya mpaka mkono unachita dzanzi. Apongozi anagwirizira khanda pabere, akulankhula Chitonga chapansipansi, ndipo mawu amene ndinkamva mobwerezabwereza anali akuti mwanaangu. Ana a m'mbali mwa msewu ankathamangira galimotoyo mwachizolowezi akubayibitsa, n'kuima kukamwa yasa poona azungu ake ndi azimayi a zitenje opanda nsapato. Titalowa m'tauni ndinkaponya maso pa takisi yabuluu iliyonse, koma yake sindinaione.

Ndinali ndi mantha, ndinene zoona. Maso ake ankatsekeka, ndiye ndinkamulankhulitsa zopanda pake kuti asagone. Singano m'Chilozi mumati chiyani? Nanga lumo? Yankha, iwe, ukufuna ndife wosaphunzira? Mumtima ndinkakangana ndi Mulungu. Ndinamuuza kuti wa m'ngolo uja munatenga, ndinakhala chete poti ndinali mwana, koma uyu ayi.

Kuchipatala anesi anatithamangira ndi kabedi kamatayala. Mmodzi, mayi wonenepa wa magalasi, anawerama n'kumufunsa kanthu m'Chinyanja. Atamva yankho la mawu amodzi aja anasintha pomwepo n'kuyamba Chilozi. Mtsikanayo anatsegula maso. Anayankha chiganizo chachitali, kenako china, mawu ambiri kuposa onse amene ndinamumvapo chibwerereni pabwalo pathu. Anamubaya jakisoni, kumuika dilipi, n'kulowa naye chitseko chimene ife sitinaloledwe kudutsa.

Tinakhala pabenchi, ine ndi apongozi. Amene tinkakalipirana posachedwa pomwepa tinapezeka tagwirana manja, khanda likugona pakati pathu.

Dokotala amene anatuluka anali mtsikana wamng'ono, woti ndikanakumana naye pamsika ndikanamutuma madzi. Anatifotokozera modekha kuti kachidutswa ka nsengwa, chija chimatuluka pambuyo pa mwana, kanatsalira m'kati, ndipo chiberekero chinkalephera kutsekeka. Akachotsa, magazi aleka, tsopano akumuwonjezera ena. Anati zimachitika ngakhale mayi atachira bwinobwino, n'chifukwa chake masiku oyamba aja mayi amafunika maso kuposa khanda. Kenako anati tikanadikira kuti dzuwa lipendeke, bwenzi tikukamba nkhani ina. Apongozi sanamve zonse, koma anagwada pasimenti n'kuwomba m'manja.

Mwamunayo anafika thukuta lili kamukamu. Anali ataona kuti foni yake yaimbidwa kambirimbiri, ndipo azimayi a pabwalo anamuuza kumene tapita. Chimene anamva n'chakuti mkazi wake ali kuchipatala, ndiye m'mutu mwake nkhani inali ikadali yomwe ija. Anathamangira nesi wa magalasi uja, dzanja lodzaza ndalama zamapepala zokwinyika atalitambasula.

"Ba sista, nabweretsa. Mali yamene enze kufuna, iyi apa. Ni zingati?"

Nesiyo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anapinda zala za mnyamatayo n'kumubwezera dzanja pachifuwa. Kenako anatsegula chitseko pang'ono n'kuloza kathumba kofiira kolendewera pachitsulo pamwamba pa bedi.

"Mali yamene mkazi wanu enze kukamba ni iyo."

Anayang'ana kathumbako. Anayang'ana dzanja lake. Ndinaona nkhaniyo ikumulowa pang'onopang'ono, mpaka anakhala pansi pakhonde la chipatala, anthu akumulambalala.

"Motoka yenze pakhomo," ankatero akulira. "Ba telala, motoka yenze pakhomo, ine naichosa."

Njira yonse ndinali nditamukonzera mawu oti ndimukwapule nawo, ena ake oti sangalembedwe. Ndinawameza onse. Ndinamumvera chisoni kwambiri, chifukwa mnyamatayo anathamanga ndi mtima wake wonse kukafuna chimene ankaganiza kuti mkazi wake wapempha.

Atatonthola anafunsa kuti magaziwo ndi a ndani. Nesi anati ndi a munthu amene sadzamudziwa, wina amene anangobwera tsiku lina n'kupereka mkono. Sabata isanathe mnyamatayo anapita kukapereka ake, atakokanso anzake a pamalo oimikira matakisi. Ndinamva kuti ataona singano anakomoka asanamubaye n'komwe, ndipo anzakewo akumuseka nazo mpaka lero. Koma anadzuka n'kupereka, ndipo amapitabe.

Mtsikanayo anabwerera kunyumba ali wofooka, akuyenda chogwira khoma. Apongozi anawonjezera masiku. Katani sanaichotse, poti mwambo ndi mwambo, koma zenera analitsegula, ndipo nsalu zonse ankaziona ndi kuzichapa okha, mpongozi afune asafune. Ankamuphikira chiwindi ndi masamba a maungu, nkhuku za ku Kalomo zija zinatha imodziimodzi. Madzulo ndinkawamva kuseri kwa khoma akuphunzitsana mawu, wina kuloza chinthu n'kutchula Chitonga, wina Chilozi, kenako kuseka. Popita kwawo mayi aja anandisiyira chigubu chija chitadzaza, ndipo mpaka pano akabwera amayamba pakhonde langa asanalowe kwa mwana wawo.

Chaka chotsatira anesi anapempha azimayi a m'dera lathu kuti tizithandiza kuyendera oyembekezera, ndipo ine ndinalowa nawo. Anzanga amalankhula ndi azimayiwo za sikelo ndi zokachirira kuchipatala. Ine ndimasaka amuna ndi apongozi. Tauni yathu ino anthu amakwatirana mosayang'ana mtundu, Mtonga ndi Mlozi, Mbemba ndi Mluvale, onse n'kumakumana pa Chinyanja cha pamsika. Ndiye ndimawakhazika pansi awiriwo n'kumuuza mwamuna kuti anene pamaso panga, m'chilankhulo cha mkazi wake, mawu akuti magazi, mutu, kutentha thupi ndi ndithandizeni. Amaseka, amapotoza lilime, ena amati ba telala mwayamba sukulu ya mkaka. Asekeni. Ndimachoka pokhapokha atanena bwino, ndipo ndimafunsanso kuti tsikulo likadzafika galimoto idzachokera kuti.

Sikuti onse timawapulumutsa. Tinaika mayi wina wa ku Dambwa North amene mutu unkamuwawa masiku angapo, iye n'kumangomwa mapiritsi a pagolosale, mpaka anayamba kugwa ngati wakhunyu. Maliro amenewo anandipweteka. Koma m'maso mwangamu, maliro a uchembere amene ndili mwana tinkangoti ndi mmene zimakhalira, lero akachitika anthu amafunsana kuti chinachedwa n'chiyani. Funso limenelo kale kunalibe.

Mwana wa mtsikana wa ku Senanga uja atayamba kuthamanga ndi kuba zidutswa za nsalu pansi pa makina anga, amake anatenganso pakati. Anachira bwino kuchipatala, mwamuna ulendo uno. Apongozi anabwera ndi nkhuku zawo, katani inapachikidwanso. Koma m'mawa mwake nditatulutsa makina ndinapeza takisi yabuluu itaima pakhomo penipeni, yopukutidwa, mphuno italoza kumsewu. Mwamuna wake anali atagwirizana kale ndi mwini galimoto kuti isachoke pakhomo. Mnyamata wa ku Kalomo anakhala pakampando pafupi ndi chitseko, kiyi atamangirira pachingwe m'khosi. Tsiku limenelo sanachoke, ngakhale lotsatira.

Tsiku lina masana kunabwera bambo wina ndi chikwama, akufulumira kukakwera basi.

"Ba draiva, tiyeni ku steshoni."

"Yabukidwa kudala, bosi."

"Na ndani? Mulibe munthu umu."

Iye anangoloza katani ndi chala. Bamboyo anachoka akutukwana. Nthawi yomweyo mawu anamveka kuchokera m'kati, m'Chilozi, ndipo mnyamatayo anadzambatuka mpaka kampando kanagwa.

"Wati chani? Kamba futi, pang'ono pang'ono!"

"Mezi," anabwereza mkaziyo.

"Manzi," anadzimasulira yekha mokweza, akupumira m'mwamba. Anathamangira kumpopi, anabwera ndi kapu n'kuipereka kwa amayi ake pamphepete pa katani. Koma sanachoke. Anaima pomwepo akukanda m'mutu, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Nanga mali?"

Mtsikana wa ku Senanga anayankha m'Chinyanja chomveka bwino, kuti bwalo lonse limve.

"Kulibe, batate bake. Ya m'thupi siichoka. Ya m'thumba nayo kulibe, pakuti motoka ili che pakhomo."

Bwalo lonse linafa nacho chiseko, apongozi kuseri kwa katani akusekanso mpaka kutsokomola. Ine ndinaseka nawo, kenako ndinakumbukira ng'ombe zija zinali kubusa. Ndinayesa kulowetsa ulusi m'singano koma bowo silinkaoneka, ndiye ndinangoika manja pamiyendo n'kumayang'ana galimotoyo itaima pakhomo.